Dabulo ya ba Ednah

Ndege zonyamuka pa bwalo la Lusaka zimadutsa pamwamba pa nyumba yathu. Timakhala m'mbali mwa msewu wopita ku Kasisi, m'zipinda ziwiri kuseri kwa golosale ya a Jethro, ndipo ikamadutsa ya ku Joni malata amanjenjemera mpaka mwana wanga Lushomo kudzuka. Zaka ziwiri ndinkaziyang'ana ndege zija ndikuyanika zovala, osaganizako kuti tsiku lina imodzi idzanyamula amuna anga kukawatula komwe kuli mkazi wina.

Munali mu Ogasiti chaka cha 1996, nyengo ya mphepo ndi fumbi. A Greenwell, amuna anga, ankajambula mavidiyo ku bungwe lina lothandiza alimi. Kamera inali ya bungwe, yaikulu yosenza paphewa, koma ankaisamala ngati anaibereka okha. M'nyumba mwathu muli soketi imodzi yokha, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: batire ikakhala pa tchaja, simbi idikire, wailesi idikire, inenso ndidikire. Tchajayo inali ndi vuto lotentha. Iwo ankakhala pambali pake maola atatu athunthu, n'kumaigwiragwira ngati mphumi ya wodwala malungo, kuti ikatentha aizimitse kaye.

Atauzidwa kuti apita ku Durban kukajambula msonkhano wa alimi wa masiku asanu, ndinalulutira ngati mkazi wina aliyense. Koma chimwemwe chawo sichinachedwe kusanduka nkhawa. Ndege yawo inkafika ku Joni madzulo, pomwe ya ku Durban inkanyamuka m'mawa mwake, choncho anayenera kugona pafupi ndi eyapoti. Anamva kuti mahotela a kumeneko amadya alawansi yonse usiku umodzi, ndipo iwo ankafuna kubwerera ndi kanjinga kophunzirira kuyenda ka Lushomo. Masiku atatu ankangobuula. Tsiku lachinayi anafika akuimba mluzu, n'kunena kuti zonse zatheka, ba Ednah akudziwa malo otchipa.

Kuyambira pamenepo dzinalo linakhazikika m'nyumba mwathu ngati mlendo wosatsanzika. Ba Ednah akuti ku Joni kukuzizira, nitenge jekete. Ba Ednah akuti mundege sasuzumira chakudya cha mnzako. Ba Ednah akuti ndalama sasinthira pa eyapoti. Ba Ednah anali mlembi wa bungwe, wosakwatiwa, ndipo kunja anali atapitako katatu. Ndinawaonapo kamodzi kokha, tsiku lomwe galimoto ya bungwe inadzatula a Greenwell. Anakhala kutsogolo, atavala thalauzi ndi magalasi a dzuwa pamutu. Anatsika n'kundipatsa moni bwinobwino, bondo lopinda, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinasowa powadzudzulira. Atamuyang'ana Lushomo anati wafanana ndi atate ake, makamaka makutu. Ine ndinamwetulira, koma mumtima ndinkafunsa kuti makutu a amuna anga anawayang'anitsitsa liti.

Sindine mbuli. Ndinafika giredi 11 mimba isananditulutse m'kalasi, ndipo pa jogirafe palibe ankandiposa. Mapu a South Africa ndinkawajambula osayang'ana m'buku. Durban ndinkaidziwa kuti ndi doko, ndipo kuseri kwake kuli minda ya nzimbe. Koma zonsezo zinali za m'kope. Wodziwa komwe munthu amagona motchipa, ndi jekete yoyenera, anali ba Ednah, ine ndikupala mphika pa mbaula.

A Mainess, akazi a a Jethro, sanandithandize. Ndi munthu wabwino, amandibwereka sopo, koma pakamwa pawo palibe chitseko. Tikuchapa limodzi anandiuza kuti mahotela a pa eyapoti ndi oopsa kuposa ma bala a ku Chongwe, chifukwa kumeneko palibe wodziwa amalume ako. Aliyense amafika madzulo, m'mawa wapita. Kenaka anaseka n'kunena kuti akungocheza, a Greenwell ndi munthu wa tchalitchi. Nanenso ndinaseka, koma malaya omwe ndinkachapa ndinawafinya mpaka batani kuthothoka.

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi, iwo anapita kukameta. Chikwama cha kamera chinali pabedi atachilongedza kale. Sindinganame kuti ndinkafuna kupukuta fumbi. Ndinatsegula kathumba ka m'mbali, n'kupezamo envulopu ndi kanthu kokulunga m'kampango koyera. Fungo la perefyumu linandipeza ndisanakamasule. Ndinalidziwa, linali lomwe lija linatsalira pa chipewa cha Lushomo tsiku la makutu.

M'kalatamo munali dzina la loji lovuta kutchula, nambala ya foni, ndi kamapu kojambula pamanja. Pansi pake analemba chonchi:

"Ba Green, malo ni awa. Ni otchipa, aukhondo, galimoto yawo imatenga anthu pa eyapoti mahala, osalipira. Ine nifika Loweruka, muzanipeza. Dabulo musaiwale. Popanda dabulo usiku wonse uzapita pachabe."

Ndinakhala pansi, pasimenti. Liwu limenelo ndinkalidziwa. Tili giredi 10, aphunzitsi a Chingerezi anatichititsa kasewero ka munthu wofuna chipinda ku hotela, ndipo ine ndinali wolandira alendo. Funso langa linali limodzi: singulo kapena dabulo? Singulo ndi ya munthu mmodzi. Dabulo ndi bedi limodzi, anthu awiri. Ndinakhoza bwino tsiku limenelo, aphunzitsi anandiombera m'manja.

Kanthu ka m'kampango kanali koyera, kolemera pang'ono, ka miyendo itatu yonenepa yozungulira, kumsana kwake kuli mabowo. Kankaoneka ngati ka magetsi, choncho ndinakayesa pa soketi yathu. Sikanalowe. Ndinakatembenuza mbali zonse, osalowa. Ndinanyamula Lushomo n'kupita ku golosale ngati ndikufuna machesi, n'kusuzumira soketi ya filiji ya a Jethro: mabowo a makona, ngati athu. Ku sukulu, ku kiliniki, ku tchalitchi, soketi zonse zomwe ndinaziona m'moyo mwanga zinali za makona. Ndiye ndinadziwa kuti kanthuka n'kopanda ntchito, kangokhala chonamizira kuti kampango kafike m'chikwama cha amuna anga.

Lamlungu m'mawa ndinawapeza akupukuta nsapato zawo zofiirira, za pa ukwati wathu. Ya kumanzere inang'ambikapo kuchidendene, ndipo wosoka wa pa msika anaisoka ndi ulusi wakuda chifukwa wofiirira analibe. Ndinafunsa ngati wongocheza kuti akagona kuti ku Joni. Anati pa malo omwe ba Ednah anawalembera. Ndinafunsa ngati ba Ednah nawo akagona komweko.

"Kaya, mwina," anayankha osatukula mutu. "Nipaseni kansalu ako, Amake Lushomo."

Mwina. Munthu kalata ili m'chikwama, akuti mwina. Atalowa m'bafa, ndinatulutsa envulopu ndi kampango kaja n'kutseka zipi monga ndinaipezera. Pansi pa bedi pali chikwama cha ukwa, chachikulu cha mizeremizere, chomwe ndinabwera nacho kuchokera kwa amayi ku Kanakantapa. Ndinaponya zonse ziwiri m'menemo. Maganizo anga anali akuti popanda adiresi sakampeza mkaziyo, akagona kwina, alawansi ithe ngati ikutha. Ndipo ndili chigwadire pamenepo ndinalumbira kuti ndikadzapeza umboni umodzi wokha, chikwama chomwechi chidzandibweza ku Kanakantapa, ine ndi mwana wanga.

Masana ndege yawo inadutsa pamwamba pathu. A Mainess anatuluka n'kumaibayibitsa ndi chitenje. Ine ndinangoima, dzanja lili pamphumi.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Foni tinalibe, ndipo panalibe womufunsa. Nthawi zina ndinkachita mantha kuti mwina ndawataya m'dziko la eni, nthawi zina ndinkadziuza kuti munthu wofuna dabulo amaipeza ngakhale popanda mapu. Kawiri ndinakoka chikwama cha ukwa kuti ndiwerengenso kalata ija, ngati kuti mawu angasinthe.

Anabwera Loweruka lotsatira, atatopa, milomo itauma. Kanjinga ka Lushomo anabwera nako, kofiira, ndipo ine anandigulira ambulera yopinda. Ndinawafunsa za ulendo, anangoti unali wovuta poyamba, zinthu zina zinatayika m'njira. Ndinati pepani, n'kupita kukawatenthetsera madzi. Ndikuchapa zovala zawo ndinanunkhiza kolala iliyonse. Munali thukuta lawo lokha ndi sopo wachilendo.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi, a Jethro anati sizingatheke munthu kukwera ndege anzake osaonako. Tivi ili kwa iwo, choncho tinasonkhana m'chipinda chawo chochezera, ife ndi mabanja ena awiri. A Greenwell analumikiza kamera ku tivi, ine ndinakhala pamphasa Lushomo ali pamiyendo.

Tepi inayamba ndi windo la ndege. Pansi pankaoneka minda yofiira ndi msewu ngati ulusi, kenaka madenga a mishoni ya Kasisi, ndipo mawu a amuna anga anamveka akunena kuti, apo ni pathu, Amake Lushomo ali apo. Anthu anakuwa, aliyense kufunafuna denga lake. Ine mtima unafewa pang'ono. Panabwera mitambo, mitambo yambirimbiri, mpaka a Jethro anafunsa ngati bungwe linawatuma kukajambula thonje. Kenaka holo yodzaza anthu, bambo wina wa tayi akulankhula, ndipo ali pakati pa liwu chithunzi chinazima.

Chitabwerera, tinali m'chipinda chogona. Bedi loyala bwino, pamwamba pake diresi yobiriwira. Patebulo mabotolo a mafuta odzola ndi chipeso. Kamera inkagwedezeka. Kenaka mawu a mkazi, pafupi kwambiri, akuseka.

"Yauka, ba Green?"

"Yauka, koma ikalibe mphamvu. Tiipase nthawi."

Kamera inaweramira pansi, ndipo pa kapeti panali nsapato yofiirira, ulusi wakuda kuchidendene. Munalibe phazi.

M'chipinda mwa a Jethro maso onse anali pa nsapatoyo. Wina anatsokomola. A Greenwell anadumpha n'kudina batani lothamangitsa tepi, akunena kuti apa ankangoyesa batire, tione za msonkhano. A Mainess sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'ana kwawo kunamveka kuposa kuseka. Anthu anaona nyanja, anaona mathirakitala, ine sindinaone kanthu. Ndinati mwana wanyowetsa, n'kutuluka.

Kunyumba ndinamukhazika Lushomo pansi, n'kukoka chikwama cha ukwa. Ndinkadziwa kuti minibasi yomaliza ya ku Chongwe ndiipeza ndikafulumira, ndipo kuchokera pamenepo sindikanasowa wopita ku Kanakantapa. Ndinayamba ndi matewera, kenaka madiresi anga, kadi la sikelo, satifiketi ya giredi 9. Misozi sinabwere. Ndinkakonza mawu okawauza amayi, omwe anandichenjeza kale kuti mwamuna woyendayenda ndi kamera amaona zambiri.

Sindinamve chitseko. Nditatembenuka, a Greenwell anali ataima pakhomo, kamera ili m'manja, koma sankayang'ana ine kapena chikwama. Ankayang'ana mwana. Lushomo anali atakwawira ku chikwama, n'kusolola kampango kaja, ndipo kanthu ka miyendo itatu kanali m'kamwa mwake, dovu likuyenderera.

Anaika kamera pabedi pang'onopang'ono. Anagwada, n'kumulanda mwana kanthuko, n'kukapukuta pa thalauzi.

"Jenala," anatero. Chikwatirane anali asananditchulepo dzina mwana ali pomwepo. "Dabulo iyi yafika bwanji muno?"

"Dabulo iti?"

"Iyi. Iyi nagwira."

Ndinayang'ana kanthuko, n'kuyang'ana iwo. Ndinati dabulo ndi chipinda cha anthu awiri, asandipusitse, ndinapita ku sukulu. Anakatembenuza n'kundionetsa kumsana kwake: malo olowetsa mapulagi awiri, a makona ngati athu. Anati ndi dabulo adaputa. Ku South Africa soketi zonse ndi za mabowo ozungulira, tchaja yathu singalowe popanda imeneyi. Ba Ednah anali nazo ziwiri, n'kuwabwereka imodzi kuti mabatire agone pamoto ku loji, afike ku Durban ali odzaza.

Ndinatulutsa envulopu m'chikwama, chifukwa panalibenso chobisa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa mpando n'kuyamba kufotokoza, osakweza mawu, ndipo ndikanakonda akanakuwa.

Anati atatera ku Joni anapisa m'kathumba, osapezamo kanthu. Anakhuthula chikwama chonse pansi anthu akuwalambalala. Dzina la loji sanalikumbukire, linali la Chibunu, ankangodziwa kuti likuyamba ndi V. Anafunsa pa tebulo la mahotela, mtengo womwe anawauza unali wa kanjinga ka Lushomo kanayi. Ndiye anagona pa benchi, lamba wa kamera atamumanga kumwendo, mlonda akuwadzutsa kawirikawiri, jekete ija osathandiza. M'mawa anakumana ndi ba Ednah pokwerera ndege ya ku Durban, iwonso osagona, atatumiza galimoto ya loji kawiri kudzawafuna. Batire yoyamba inali itathera pa mitambo. Yachiwiri inafa pakati pa mawu a mlendo wolemekezeka, abwana akuona.

"Simukanagula ina?" ndinafunsa.

Anati msonkhano unali pa koleji ya ulimi, pakati pa minda ya nzimbe, shopu ili kutali ngati pano ndi ku Chongwe. Dabulo yotsala inali imodzi, ya ba Ednah, ndipo iwo sakanaibwereketsa chifukwa madzulo aliwonse ankalembera malipoti pa kompyuta ya bungwe. Pakamwa pamodzi kompyuta, pakamwa pena tchaja. Ndipo tchaja imeneyo, ndikuidziwa ndekha, siisiyidwa yokha.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Maola atatu. Tsiku lililonse, maola atatu, m'chipinda cha diresi yobiriwira, ndipo amene anawatsegulira njira ndinali ine, ndi manja angawa, iwo ali m'bafa.

"Nanga nsapato?" ndinatero. "Batire imafuna munthu avule nsapato?"

"Unaona nsapato zingati?"

"Imodzi."

"Inzake inali kuti?"

Anatenga kamera, n'kubweza tepi, n'kundiuza kuti ndiike diso pa kagalasi koonera. Ndinali ndisanaloledwepo kuigwira. Inali yolemera, yonunkha chikopa ndi thukuta lawo. M'kagalasimo zonse zinali zazing'ono, zopanda mtundu. Bedi, diresi, mabotolo. Kamera n'kuwerama. Nsapato. Anaimitsa tepi pomwepo n'kunena kuti ndiyang'ane bwino, popeza kuyang'ana ndiye ntchito yanga.

Nsapato inali chogona cham'mbali, yopanikizika pakati pa chitseko ndi felemu. Kuseri kwake kunkaoneka kampata kowala, ndipo atayendetsanso tepi, m'kampatamo munadutsa miyendo ya munthu wonyamula ndowa. Anati zitseko za kumeneko zili ndi chitsulo pamwamba, ukangochisiya chimadzitseka chokha n'kudzikhoma. Anakumbukira zomwe amalume awo anawauza pa ukwati, kuti chitseko chisadzatsekeke iwe uli m'kati ndi mkazi amene si wako, ngakhale mukuwerenga Baibulo. Anasowa mwala, anasowa njerwa, ndiye anavula nsapato. Ba Ednah anawaseka sabata yonse, n'kumawatchula kuti ba Nsapato Imodzi.

Ndinabweza tepi ndekha katatu. Miyendo ya wa ndowa inadutsa katatu. Chitseko chinali chotsegula, sindingatsutse. Koma pakona ya chithunzi panali deti, ndipo linali la Lolemba.

"Ili ni tsiku loyamba," ndinatero, diso likadali pa kagalasi. "Masiku ena anayi ali kuti?"

Anandilanda kamera. Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inasintha, ndipo ndinaganiza kuti andiuza okha kuti ndipitirize kulongedza. M'malo mwake anawerama, n'kumasula chingwe cha nsapato ya kumanzere, n'kundiponyera pamiyendo.

"Funsa iyo. Ine wanigoneka kale pa benchi."

Anatuluka chotsimphina, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. A Mainess, omwe mwadzidzidzi anali ndi zoyanika pa Sabata, anawafunsa ngati apweteka.

Ndinaitenga nsapato ija n'kupita nayo pa windo. M'mbali mwake, pamwamba pa chidendene, munali mzere wozama pomwe chitseko chinkaluma, chikopa chitapindika ndipo polishi atachoka. Mzerewo kunalibe pomwe ankanyamuka, ndikudziwa, chifukwa ndinawapatsa kansalu ndikuyang'ana. Ndinalowetsamo chala chachikulu. Ndinapendeketsa nsapato kuti dzuwa ligwerepo bwino, ndipo ndinaona ngati mizere ndi iwiri kapena itatu yogundana, ngati chitseko sichinkaluma pamodzimodzi tsiku lililonse. Itatu si isanu. Komanso chitseko chingathe kuluma kawiri pamalo amodzi. Ndinawerenga, n'kuwerenganso, mpaka Lushomo anayamba kulira.

Minibasi ya ku Chongwe ndinaimva ikuimba hutala pamsewu, kondakitala akuitana. Ndinali ndi nthawi yothamanga. Ndinayesa kuganiza zokawauza amayi: kuti ndachoka chifukwa amuna anga anatsegula chitseko ndi nsapato, nditawabera adiresi. Amayi akanandibweza ndi minibasi yomweyo. Koma si chifukwa chake chokha. Ndinakumbukira mawu aja a pa windo la ndege, apo ni pathu, ndi batire yathunthu yomwe inathera pa mitambo kuti ine ndidzaione. Hutala inalira kachiwiri, kenaka minibasi inapita.

Ndinatulutsa matewera, madiresi, kadi la sikelo. Ndinatenga nsapato n'kupita nayo kuseri, n'kugwada, n'kuiika pafupi ndi phazi lawo. Ndinati ndalakwa, Atate ake Lushomo. Anaivala, kenaka anafunsa chomwe akawauze ba Ednah, popeza anawauza kale kuti dabulo inabedwa pa eyapoti ndipo analonjeza kugula ina. Ndinati awauze kuti wakuba wapezeka, ndi wa m'nyumba, ali ndi mano anayi. Sanafune kuseka, koma mphuno inawapereka.

"Ndiye uziba," anatero akumanga chingwe, "ba Ednah ali na chibwenzi chawo, ba Fidelis a ku maakaunti. Ofesi yonse iziba."

Ankaganiza kuti andikhazika mtima pansi. Ine ndinangoona kuti nkhani za chibwenzi cha ba Ednah akuzidziwa bwino, ndipo maola atatu ndi nthawi yokwanira kukamba zambiri. Ndinapita kukayatsa mbaula.

Kampango kaja ndinakachapa katatu ndi sopo wa mtanda mpaka fungo lonse litatha, n'kukasita, n'kukulungamo dabulo, ndipo Lolemba anakabweza. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ndekha kupita m'tauni, Lushomo ali kumsana. Ndinayenda mashopu a magetsi asanu ndi limodzi ndikufotokoza za miyendo itatu yozungulira, mpaka mwenye wina anatulutsa dabulo m'kabati ya pansi. Ndinaisokera kathumba ka chitenje changa cha pa chinkhoswe. Ili m'chikwama cha kamera mpaka lero, ngakhale ulendo wina sunamveke.

Chikwama cha ukwa chili pansi pa bedi, chopanda kanthu. A Mainess anandipempha kuti akagulire nacho kabichi ku msika wa Soweto m'tauni, ndinawauza kuti zipi yake ndi yofooka. Nsapato zofiirira ndimapukuta ndine tsopano, m'mawa uliwonse. A Greenwell amati ndasanduka mkazi wa ulemu. Ya kumanja ndimamaliza msanga. Ya kumanzere ndimachedwa nayo pa windo, ndipo polishi sindimuika mumzeremo, kuopa kuti angaukwirire ndisanamalize kuwerenga.